Adani pabwalo, abale pamaliro

Awa ndi mawu amene mnzathu wa gulu lomwe lidalemba Fomu 4 mu 1998 adayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu.



A Mlembi atandiimbira foni adandipempha kuti ndidzakambe za maphunziro amene boma lidanditumiza kukachita ku America. Ndidavomera, koma pepani a Mlembi, mutu ndausintha. Za ndondomeko ya chuma ndi misonkho mukhoza kundipeza ku ofesi. Nditazikamba pano, ena mwa inu mungayambe kusinza monga tinkachitira pa prep. Chandisinthitsa ndi lipoti la a Mphunzitsi Wamkulu limene tidalandira pamodzi ndi kalata yoitanira msonkhano uno. Akuti tsopano patha zaka 6 sukulu yathu isakusewera mpira ndi anzathu a kutsidya kwa mtsinje, kaamba koti ulendo womaliza ana adagendana. Ndipo komiti ikutifunsa ngati si kwabwino kungoiwalako za masewerowa. Ndili ndi yankho langa, koma ndisanalipereke ndiloleni ndikufotokozereni za mpira umodzi umene ndidaonera kunjako.

Ndidafika mu mzinda wa Durham, m'chigawo cha North Carolina, mu Ogasiti 2014, kudzaphunzira pa yunivesite ya Duke. Sabata yoyamba yomwe, mayi wina wa mu ofesi yolandira ophunzira adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu. Ndidali nditavala shati yabuluu wowala ngati thambo, imene mayi a kunyumba adandigulira ku Lilongwe. Mayiyo adandiuza akuseka kuti buluu ameneyo ndi wolakwika, ndikamusunge m'sutikesi. Kwathu kuno nkhani ya mitundu njosavuta: wofiira ndi wa Maule, wabuluu ndi wa Manoma. Kumeneko mbali zonse ziwiri ndi zabuluu. Duke imavala buluu woderapo, pamene yunivesite ya North Carolina, imene ili m'tauni ya Chapel Hill, imavala buluu wowala uja. Munthu ukasokoneza, aliyense amadziwa kuti ndiwe mlendo.

Sukulu ziwirizi zatalikirana makilomita 13 okha, pa msewu umodzi wotchedwa 15-501. Tinene kuti kuchoka ku Blantyre kupita ku Limbe n'kupitirirako pang'ono. Anthu ake amagula m'masitolo amodzi, amapemphera m'matchalitchi amodzi, ndipo m'mabanja ambiri mwamuna amachemerera uku, mkazi uko. Koma mbiri zawo n'zosiyana. Ya ku Chapel Hill ndi yaboma, idayamba kuphunzitsa mu 1795, ndipo ophunzira ake ambiri ndi ana a m'chigawo momwemo. Duke si yaboma. Idatenga dzinali mu 1924 kuchokera ku banja la a Duke amene adalemera ndi fodya, mbewu imene ife Amalawi sitifunika kuifotokozeredwa, ndipo ophunzira ake amachokera konsekonse. Motero a ku Chapel Hill amati a Duke ndi ana a mabwana, obwera odzitukumula. A Duke nawo amati anzawowo amadziyesa eni nthaka. Nditamva zimenezi ndidaseka ndekha, pakuti ndi zomwe ife ndi a kutsidya tinkanenana.

Mpikisano wawo waukulu ndi wa basiketibolo. Kwa amene simunauonerepo, timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu, ndipo cholinga ndi kuponya mpira mu mkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde, umene uli mamita atatu kuchokera pansi. Kuponya uli pafupi ndi mapointi awiri, uli kunja kwa mzere wozungulira ndi atatu, ndipo mpira wachilango ndi pointi imodzi. Amuna a m'mayunivesite amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20 chilichonse. Sukulu ziwirizi zidakumana koyamba pa 24 Januwale 1920, pamene North Carolina idapambana 36 kwa 25, ndipo chaka ndi chaka zimakumana kawiri, kwina katatu. Zonse ziwiri ndi akatswiri. North Carolina idatenga chikho cha dziko lonse mu 1957, 1982, 1993, 2005, 2009 ndi 2017; cha 1982 ndicho chidatchukitsa Michael Jordan ali mnyamata wa chaka choyamba. Duke idachitenga mu 1991, 1992, 2001, 2010 ndi 2015. Atambala awiri, khola limodzi.

Vuto loyamba ndi kupeza malo. Holo imene Duke imasewereramo, Cameron Indoor Stadium, idatsegulidwa mu 1940 ndipo mumalowa anthu 9,314 basi, pamene ya anzawo mumalowa oposa 21,000. Ana a digiri yoyamba salipira pakhomo, ndipo amapatsidwa malo abwino koposa, m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, koma malowo ndi a anthu opitirira pang'ono 1,000, ndipo amalowa ndi amene wayamba kufika. Mu 1986 kagulu ka ophunzira kadakhoma matenti pakhomo kutatsala masiku angapo kuti mpira wa North Carolina uchitike. Anzawo ataona adachita chimodzimodzi, ndipo mwambo udayambira pamenepo. Masiku ano chaka chilichonse pamamera mudzi wa matenti wotchedwa Krzyzewskiville, potengera dzina la Mike Krzyzewski amene adaphunzitsa timuyi kuyambira 1980 mpaka 2022. Dzina limeneli lidandithyola lilime, mpaka ndidamva kuti nawonso amangoti Coach K.

Tenti imodzi imakhala ya anthu 12. Amayamba kugonamo mu Januwale, nthawi imene kumazizira kuposa kwathu ku Dedza mu Juni, ndipo ena amatha milungu ingapo, kwinaku m'mawa akupita m'kalasi monga mwa nthawi zonse. Pali akapitawo a mzere, amene ife tikadawatcha mapulifekiti. Iwowa amaliza sayirini nthawi iliyonse imene afuna, ngakhale pakati pa usiku, n'kuyamba kuitana maina. Tenti imene yapezeka yopanda anthu okwanira kawiri imataya malo ake. Kukazizira mopyola muyeso, akapitawo omwewo ndiwo amalola anthu kukagona m'nyumba. Chimene ndikufuna muchigwire apa, amayi ndi abambo, n'chakuti akapitawowa si apolisi kapena aphunzitsi. Ndi ophunzira anzawo, ndipo malamulowo amalemba ndi kuwasunga ndi ophunzira eni ake.

Ife a digiri yachiwiri tidali ndi njira yathu. Chakumayambiriro kwa chaka cha maphunziro tinkagona panja maola 36, kuyankha dzina nthawi iliyonse akaitana, ndipo amene wapirira mpaka kumapeto dzina lake linkalowa m'maere a matikiti a chaka chonse. Ine, bambo wa ana awiri, wantchito m'boma, ndidagona pa simenti ngati ndili pamzere wa feteleza. Tidapangana anthu asanu ndi atatu a m'kalasi mwathu kuti chimene tipeze tidzagawana. Tidapeza matikiti awiri. Mipira ina yonse tidagawana mwamtendere, koma wa North Carolina tidachita kulemba maina n'kuponya m'chipewa, ndipo limodzi mwa maina awiri amene adatuluka lidali langa. Mnzanga wina wa ku Indonesia adandilonjeza kuti adzandiphikira mwezi wathunthu ndikamusiyira malo. Ndidakana, ngakhale kuti kuphika kwanga kudali kwachisoni.

Tsikulo lidali Lachitatu, pa 18 Febuluwale 2015, ndipo lidali Lachitatu la Phulusa. Masana ndidakumana ndi anthu ali ndi phulusa pamphumi. Madzulo ndidakumana ndi ena atadzola utoto wabuluu ndi woyera thupi lonse. Kunja kunkazizira koti zala zinkauma, koma titangolowa m'holo muja thukuta lidayamba. Holoyo njaing'ono, denga lake lili pafupi, ndipo phokoso lilibe kothawira. Ana a m'mphepete mwa bwalo aja amatchedwa Cameron Crazies, tinene kuti amisala a ku Cameron, ndipo dzinalo amalinyadira. Sakhala pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amadumpha onse pamodzi mpaka matabwa kugwedezeka. Asanalowe amagawana mapepala olembapo zoti aziimba ndi zoti azinyoza nazo osewera a timu inayo, aliyense ndi nkhani yake. Wosewera mlendo akaima m'mphepete kuti aponye mpira m'bwalo, manja mazanamazana amatambasukira kwa iye, zala zikugwedezeka pafupi ndi msana wake, ngati akumulodza. Ndidayang'anitsitsa usiku wonse, ndipo sindidaone ngakhale dzanja limodzi likumukhudza.

Pakati pa bwalo pankavinanso munthu wovala ngati mdyerekezi wabuluu, nyanga ndi foloko yomwe. Ine mwana wa mkulu wa mpingo mtima udagunda. Pambuyo pake ndidamva kuti dzina la timuyi, Blue Devils, lidatengedwa kwa gulu lina la asilikali a ku France a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene ankavala yunifolomu yabuluu. A ku Chapel Hill chizindikiro chawo ndi nkhosa yamphongo yotchedwa Rameses. Sindidawalembere bambo za mdyerekeziyo.

Tsono matimu atalowa, a North Carolina adalandiridwa ndi mkuwo umene sindinaumvepo ngakhale pa Kamuzu Stadium. Ndidadziuza kuti lero kufa munthu. Koma mpira usanayambe padachitika chinthu chimene chandichititsa kuima pano lero.

Masiku 11 m'mbuyo mwake, pa 7 Febuluwale, adamwalira Dean Smith ali ndi zaka 83. Iyeyu adaphunzitsa timu ya North Carolina kuyambira 1961 mpaka 1997, adapambana mipira 879, ndipo kwa zaka zambiri ndiye adali mdani wamkulu wa Duke. Holo yaikulu ya ku Chapel Hill ija ili m'dzina lake. Koma anthu samukumbukira chifukwa cha zikho zokha. Mu 1966, tsankho lidakali lamphamvu kumwera kwa America, adatenga Charlie Scott kukhala wakuda woyamba kulipiriridwa sukulu ndi yunivesiteyo chifukwa cha masewero. Adaphunzitsa osewera ake kuti ukagoletsa uziloza chala mnzako amene wakupatsira mpira, kuti anthu onse adziwe kuti sudagoletse wekha. Mwa osewera ake 100 alionse, oposa 96 adamaliza digiri. Ndipo patapita milungu ingapo chimwalirireni zidamveka kuti adasiya mawu oti aliyense amene adasewera pansi pake, anthu pafupifupi 180, atumiziridwe madola 200 kuti akadye chakudya chamadzulo pa dzina lake.

Usiku umenewo, m'nyumba ya adani ake, osewera ndi aphunzitsi a matimu onse awiri adabwera pakati pa bwalo, adapanga mkombero mosakanikirana, wabuluu woderapo pafupi ndi wabuluu wowala, adagwirana m'mapewa n'kugwada. Coach K adagwada pambali pa Roy Williams, mphunzitsi wa North Carolina pa nthawiyo, amene adakhala wothandizira Smith zaka khumi. Ndipo holo yonse, pamodzi ndi amisala aja amene mphindi zochepa zapitazo ankakuwa ngati awotchedwa, idangoti zii. Ena mwa ochemerera Duke adali atavala malaya a mtundu wa Duke, zilembo zake za Duke, koma pachifuwa palembedwa dzina loti Dean. Ndidamvanso kuti ku maliro Coach K adavala tayi yabuluu wowala, buluu yemwe uja mayi wa mu ofesi adandiuza kuti ndimubise m'sutikesi. Ine amene sindidamuonepo Smith ndi maso, misozi idalengeza.

Musaganize kuti chifukwa cha maliro mpirawo udazizira. Atangodzuka pamene adagwadapo, nkhondo idayamba. Duke idatsogola m'chigawo choyamba. M'chigawo chachiwiri North Carolina idabweza moto, ndipo kutatsala mphindi zosakwana zinayi idali patsogolo ndi mapointi 10. Mzungu amene adaima pafupi nane adagwira mutu ngati wamva uthenga wa imfa. Pamenepo mnyamata wa zaka 18, Tyus Jones, wa chaka choyamba, adayamba kulowerera pakati pa zimphona n'kumagoletsa, mpaka nthawi idatha matimu ali ofanana. Adawonjezera mphindi zisanu, ndipo Duke idapambana 92 kwa 90. Ndidazindikira kuti ndakumbatirana ndi mzungu uja, amene mpaka lero sindimudziwa dzina, ndipo mawu anga adatha kwa masiku awiri. Pabwalo, matimu awiri aja adandanda m'mizere n'kupatsana moni wa m'manja mmodzimmodzi, opambana ndi ogonja, monga amachitira pa mpira uliwonse.

Mwambo wa a Duke akagonjetsa North Carolina ndi kuotcha mabenchi amatabwa amene ophunzira amakhoma okha, ndipo amayamba atenga chilolezo kwa akuluakulu oona za moto. A ku Chapel Hill akapambana amakhamukira mu msewu wawo waukulu wa Franklin Street. Ine chifukwa cha kuzizira ndidalunjika kunyumba. Panjira ndidatsatana ndi agogo awiri, mwamuna atavala buluu woderapo, mkazi buluu wowala. Ankakangana kwambiri za oyimbira mpira, koma atagwirana manja kuti wina asaterereke.

Safunsa adadya phula. Lamulungu lotsatira ndidafunsa bambo wina wachikulire wa ku tchalitchi kumene ndinkapemphera, amene adakulira m'deralo, kuti kodi anthu inu simumenyana? Adaseka, nandiuza kuti nawonso adachokera kutali. Pa 4 Febuluwale 1961, m'holo yomwe ija, Art Heyman wa Duke ndi Larry Brown wa North Carolina adaponyerana zibakera mpira uli pafupi kutha, ochemerera adalowerera, ndipo padali chipwirikiti. Akuluakulu a ligi adaimitsa osewera amene adayambitsa ndewuyo, koma mpikisano wa sukulu ziwirizi sadauthetse. Chaka chotsatira adakumananso.

Adandiuzanso za 1984. Chaka chimenecho ana a Duke adanyoza wosewera wa timu ina mwa njira yolaula, mpaka nyuzipepala zidawadzudzula. Mkulu wa yunivesiteyo, Terry Sanford, amene adakhalapo bwanamkubwa wa North Carolina, sadatseke holo kapena kuletsa ophunzira kuonera mpira. Adawalembera kalata, osati ngati bwana koma ngati malume, ndipo adasaina kuti Malume Terry. Adawauza kuti apitirize kukuwa ndi kusokoneza adani, koma achite mwanzeru ndi mwaluso, pakuti kutukwana ndi ntchito ya munthu amene nzeru zamuthera. Mpira wotsatira wa pakhomo udali wa North Carolina. Ana aja adabwera atavala timikombero tonyezimira kumutu ngati angelo, ndipo oyimbira akalakwitsa, m'malo momutukwana ankaimba onse pamodzi mwaulemu kuti iwo akuona mosiyana naye. Anthu adaseka, ndipo uthenga udamveka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Udaniwo sudathe, ndipo palibe amene amafuna kuti uthe. Pa 5 Malichi 2022, pa mpira womaliza wa Coach K m'holo ya Cameron, osewera ake akale ambirimbiri atabwera kudzatsanzikana naye, North Carolina idaononga phwando pomugonjetsa 94 kwa 81. Patangotha mwezi, pa 2 Epulo, adakumananso ku New Orleans m'ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho cha dziko lonse, koyamba m'mbiri yawo kukumana mu mpikisano umenewo, ndipo North Carolina idapambananso 81 kwa 77. Ntchito ya zaka 42 ya mkuluyo idathera pomwepo. Sadamumvere chisoni, ndipo iye sakadafuna kuti amumvere chisoni. Koma kunja kwa bwalo sukulu ziwirizi zimagwirira ntchito pamodzi: wophunzira wa uku amaloledwa kukatenga phunziro uko, ndipo ine ndemwe ndinkakwera basi kukawerenga mu laibulale ya adani athu. Nditabwerera kumudzi ndidakumbukira kuti madokotala a UNC Project amene akhala akugwira ntchito pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuyambira zaka za m'ma 1990 ndi a yunivesite yomwe ija ya buluu wolakwika. Abale athu ambiri athandizidwa ndi anthu amene ine ndidagona panja kuti ndikawakuwize.

A Wapampando, tsopano ndibwere kwathu, ndipo ndiyambe ndi kuulula. Mu 1997 ndili Fomu 3, a kutsidya adabwera pabwalo lathu ili n'kutichinya 2 kwa 1. Ena muli muno mukukumbukira. Lole yawo ikutuluka pachipata, tidaithamangira ndi miyala. Ine ndidaponya nawo. Mnyamata wina wa m'lolemo adatemeka pamwamba pa diso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mwala umene udamutema udali wanga kapena wa mnzanga. M'mawa mwake pa asembule a hedimasitala adafunsa amene adagenda, ndipo ine ndidayang'ana pansi. Adalangidwa anyamata atatu. Ine sindidali m'gulumo. Pamene anthu aja adagwada pakati pa bwalo ku Durham, nkhope imene idandibwerera m'maganizo idali ya mnyamata ameneyo atagwira diso, magazi akudontha pa yunifolomu yake. Choncho ndikamva kuti ana a masiku ano adagendana, sindingathe kunena kuti ana a lero ndi osamva. Miyala imeneyo adaitola pamene ife tidaisiya.

Komabe ndikufunseni: ndani mwa ife amene akukumbukira mpira umene tidasewera ndi sukulu ina iliyonse? Tikakumana pa ukwati kapena pa maliro, nkhani imene timakamba ndi ya a kutsidya. Ndi iwo amene ankatidzutsa m'bandakucha kukathamanga. Zotsatira za mayeso zikatuluka, tinkayamba tafunsa kuti kutsidya akhoza angati, ndipo aphunzitsi athu ali apawa angachitire umboni kuti manyazi ogonja kwa iwo ankatiwerengetsa kuposa chikwapu. Mwana amene walowa Fomu 1 zaka 6 zapitazi watuluka osalawako zimenezi. Tikathetsa masewerowa sitithetsa udani, pakuti anawa adzakumanabe kumsika ndi pa siteji ya basi, kumene kulibe oyimbira. Tidzangochotsa malo okhawo amene udaniwo udali ndi malamulo.

Motero yankho langa kwa komiti ndi lakuti ayi, tisaiwale. Ndipo ndili ndi mapempho anayi.

Loyamba, bungwe lathu lilembere kalata bungwe la ophunzira akale a kutsidya, ndipo nthumwi zathu zipite nayo pamanja. Ana sangayambe kuyanjana akulu awo tikuonerera. Ine ndikudzipereka kukhala mmodzi wa nthumwizo, ndipo ngati mnyamata wa 1997 uja ali moyo ndipo angapezeke, ndili ndi mawu oti ndikamuuze.

Lachiwiri, malamulo a tsiku la mpira alembedwe ndi ophunzira eni ake a sukulu zonse ziwiri atakhala pamodzi, ndipo akapitawo osunga mwambo achokere pakati pawo. Aimbe, anyoze, avine mmene angathere, koma mzere ukhale woonekeratu: osakhudza munthu, osatukwana kholo la munthu, osatola mwala. Wolakwa alangidwe yekha, masewero apitirire.

Lachitatu, tsiku la mpira ife tidzakhalepo, osati pa mipando ya alendo olemekezeka ayi, koma pakati pa ana, ndipo mpira ukatha tidzaperekeze alendo mpaka pa mlatho. Mwana saponya mwala malume ake ali pambali.

Lachinayi, ndamva kuti mphunzitsi wa zamasewero wa kutsidya, amene adatisowetsa tulo zaka zonse zija, adamwalira chaka chatha, ndipo sukulu yathu sidatumize ngakhale munthu mmodzi. Madzi akatayika saoleka, koma chipepeso sichichedwa. Ndikupempha kuti tikawaone amayi a kunyumba kwake, ndiponso kuti pa mpira woyamba, usanayambe, matimu onse awiri adzaime pamodzi pakati pa bwalo kumukumbukira. A Msungichuma, chopereka changa cha ulendowu ndi cha chikho chimene tidzalimbirane ndikupatsani tikamatuluka muno.

Shati yabuluu wowala ija ndikadali nayo, ndipo ndi imene ndavala lero. Mulungu adalitse sukulu yathu, adalitsenso anzathu a kutsidya, ndipo akadzabwera tidzawalandire bwino, tidzawadyetse, kenaka tidzawachinye.